Tsiku limene tinapita ndi alipaka kuchionetsero

Ntchito ya pafamu ya alipaka anandipezera ndi akazi anga. Iwo anabwera kuno kunja, m'tawuni ya Rotherham, ngati namwino, ine ndinatsatira pambuyo ndi ana. Ku Blantyre ndinkagulitsa mipando m'sitolo, koma kuno ndinafunsira ntchito mpaka nsapato kutha. Tsiku lina atafika kuchokera ku shifiti anandiuza kuti mayi ake a namwino mnzawo akudwala nyamakazi, ndipo akufuna munthu wowathandiza kuweta.

"Kuweta chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti alipaka. Inenso sindikuzidziwa, bambo a Chisomo. Koma mukhala pakhomo mpaka liti?"

Famuyo inali kunja kwa tawuni, kumene basi imakathera, kenako n'kuyenda pansi m'kamsewu kamatope. Mwini wake anali Mayi Doreen, mayi wamasiye amene anathira ndalama zake za penshoni m'nyamazi. Alipaka ndi nyama ya khosi lalitali, yaubweya ngati nkhosa, ya maso aakulu ngati ikukumvera chisoni. Analipo ochepa, osakwana makumi awiri.

M'mawa ndinkayamba ndi fosholo ndi wilibala kuchotsa ndowe. Ubwino wake nyamazi zimachitira chimbudzi malo amodzi. Ndikatero ndinkathira udzu wouma m'modyera, n'kuswa madzi oundana m'zomwera. Mayi Doreen anandiphunzitsa kuveka chingwe cha kumutu mosatsekereza mphuno, ndi kuwenga zikhadabo ndi sizasi yonga yodulira maluwa, wina atagwira khosi.

Atamva kuti ndinali wogulitsa m'sitolo, anandiwonjezera ntchito yotsatsa malonda. Apa m'pamene panali thukuta lenileni. Ubweya unkabweretsa tindalama tochepa; phindu linali pogulitsa nyama zamoyo, koma ogula sankaoneka. Tinaika kachilengezo m'nyuzipepala ya m'dera, koma amene anaimba foni ndi aphunzitsi ofuna kubwera ndi ana kudzaona. Magazini ya alimi inali yokwera mtengo, ndipo kabokosi kathu kankamira pakati pa masamba athunthu a mafamu akuluakulu. Tsamba la pa intaneti anatikonzera mdzukulu wawo, koma aliyense wofufuza ankayamba wakumana ndi mafamu omwewo. Ine ndinkayenda pa basi kumata timakadi m'mawindo a masitolo, ena n'kundilipiritsa pa sabata.

"Nyama zikudya, zotsatsa zikudyanso," ankatero Mayi Doreen. "Koma nyama zimandimerera ubweya."

Chilimwe cha 2008 zinthu zinali zitathina paliponse. Mayiwo anaganiza zoyesa komaliza: kulipira malo pachionetsero cha zaulimi chimene chinkachitika cha kufupi ndi Bradford. Anasindikizitsa timapepala tamitundu, anabwereka ngolo yokoka ndi galimoto, ndipo anandiuza mosabisa kuti tikapanda kugulitsa ngakhale imodzi, sadzatha kundisunga.

Tinatenga amuna awiri ofulidwa, woyera ndi wofiirira, chifukwa alipaka sayenda yekha. Titangomanga kampanda kathu mvula inayamba, ija ya kuno yosagwa mwamphamvu koma yosatha. Ubweya umene ndinaupesa dzulo lake unagona ngati chiguduli. Timapepala tinanyowa n'kumamatirana. Komabe anthu anadzaza. Ankajambula zithunzi, ana ankapisa manja m'kampanda, ine ndikufotokoza zomwezomwezo mpaka mawu kusasa: inde ndi ofatsa, ayi si ngamila, ayi sakwereka. Ndikatchula mtengo ankaseka n'kukokera ana awo kokagula ayisikilimu.

Masana kunabwera bambo wina wovala jekete ya alimi, wodziwa zimene akufunsa. Anati ali ndi nkhosa ndipo anamva kuti alipaka amathamangitsa nkhandwe nthawi imene nkhosa zikubereka. Mayi Doreen anadzuka pampando ngakhale mawondo ankawawawa. Bamboyo anafuna kuona mano. Ndinagwira wofiirira uja pakhosi, koma nyamayo inali itatopa ndi phokoso ndi manja a anthu. Inagonetsa makutu, n'kumulavulira kumaso zobiriwira za m'mimba, zonunkha zedi.

Anthu anafa nazo kuseka. Bamboyo anadzipukuta ndi kamodzi mwa timapepala tathu, n'kunena mwaulemu, "Ndikaganiza kaye, mayi." Sitinamuonenso.

Madzulo tinakweza nyama m'ngolo n'kuuyamba wobwerera. Kumbuyo nyama zija zinkang'ung'udza chapansipansi monga zimachitira zikakhala ndi nkhawa. Mayi Doreen anali atagwira chiwongolero ndi zala zotupa.

"Pepa, Wisikesi," anatero. "Wagwira bwino ntchito. Koma kuyambira mwezi wamawa uzibwera Lachiwiri ndi Lachisanu basi."

"Ndamva, mayi," ndinayankha. Ndinalibe mphamvu yodandaula. M'basi yopita kunyumba anthu anandisiyira mpando wonse chifukwa cha fungo.

Nyama ziwirizo zinagulidwa patapita miyezi ingapo, ndipo sizinagulidwe ndi aliyense wa kuchionetsero. Anagula ndi mayi wina woweta nkhuku, wokhala kuseri kwa mpanda wathu, amene ankadutsa ndi galu wake m'mawa uliwonse. Sanawerengepo chilengezo chathu n'chimodzi chomwe. Iye anati ankaona mmene khola limakhalira loyera ndi mmene nyamazo zimanditsatira, ndiye anadziwa kuti sagula matenda. Koma ndalamazo zinangothera kwa dokotala wa ziweto ndi udzu wa m'nyengo yozizira. Chaka chisanathe Mayi Doreen anagulitsa zotsalazo motchipa ku famu ina yaikulu, ine ndinalowa ntchito yonyamula makatoni m'nyumba yosungira katundu.

Lero anzanga akamayamba kabizinesi, kaya kophika kaya kotumiza katundu kumudzi, amabwera kudzandifunsa kuti atsatse kuti. Ndimawauza kuti asanalipire nyuzipepala ayambe adziwa amene akufunadi chinthucho, ndipo nthawi zambiri munthuyo amakhala pafupi, akuona mmene mukugwirira ntchito. Khamu limene linatizungulira tsiku lija linabwera kudzasangalala, ndipo linasangalaladi. Ife ndi amene tinalipira.