Manja a Venansio Fombe

Venansio Fombe ankayenda ndi manja. Poliyo inamufoola miyendo ali mwana kwawo ku Nsanje, ndipo pofika ku Ndirande mu 2003 ndi mkazi wake Bernadeta, n'kuti atazolowera kale kuvala patapata m'manja ndi zidutswa za tayala m'mawondo. A ku parishi anamupatsa ndithu njinga ya olumala, koma amene anakonza njingayo sanaoneko tinjira ta ku Ndirande, mwala apa, chigwembe apo, pena pongokwana munthu woyenda chammbali. Njingayo inathera kuseri kwa nyumba, nkhuku zikugonapo.

Manja omwewo ndi amene ankamudyetsa, chifukwa ntchito yake inali yojambula. Mitu yometedwa bwino ya pakhoma la babashopu ya Chrispin, mnansi wake, anajambula ndi iye. Nsomba ndi mabotolo a mafuta a pa maokala ambiri a m'deralo zinachokeranso kwa iye. Pakamwa pake panalibe chotseka. Munthu akamutamanda kuti ali ndi luso ngakhale ndi wolumala, ankayankha kuti, "Inunso mumayenda bwino ngakhale simutha kujambula."

Pakati pa nyumba yake ndi msewu pankadutsa ngalande yochokera ku mafakitale a kumtunda, yokathira mumtsinje. Lero madzi ake abuluu, mawa akuda, mkuja achikasu, athovu lonunkha. Anthu a miyendo ankangolumpha, akutsina mphuno. Venansio ankadutsamo ndi manja tsiku lililonse, ndipo khungu la pakati pa zala linkasupuka n'kusiya zilonda zosapola. Anapitako kukadandaula ku ofesi ina m'tauni. Ofesiyo inali pamwamba, yokwera ndi masitepe. Mlonda anamuuza kuti adikire pansi, ndipo anadikira mpaka dzuwa kupendeka. Mayi wina wachifundo, potuluka, anamusiyira nthochi poganiza kuti akupemphetsa.

Anabwerako atakwiya, ndipo mkwiyo wa Venansio sunkathera m'kamwa. Anagula mabedishiti oyera pa kaunjika, n'kuwang'amba tizidutswa. M'mawa uliwonse ankaviika kachidutswa m'ngalandemo, kutenga mtundu wa tsikulo, n'kuyanika. Zikachuluka ankazisoka pamodzi n'kutulutsa chithunzi: phiri la Ndirande lakuda bii, amayi akuchapa m'madzi achikasu, ana a miyendo ya buluu. Penti sankaikapo olo dontho. Anansi ankaseka poona zinsaluzo pa chingwe. Iye ankawauza kuti asamuseke iye yekha, chifukwa zovala zawo amachapira mumtsinje womwe umalandira madziwo.

Anasoka choncho zaka zambiri popanda womufunsa tanthauzo, mpaka mu 2017 pamene kunabwera Mervis, mtsikana wa ku koleji yemwe ankafufuza za madzi a m'makomboni. Ankafuna kuyeza madziwo, kenaka kukaonetsa zotsatira zake pamodzi ndi zithunzi za Venansio kwa akuluakulu a mzinda. Venansio anamukonda chifukwa cha chinthu chimodzi: polankhula naye ankanjuta, osati kuima n'kumayankhulira pa liwombo pake. Mervis ankabwera ndi magolovesi, kapaipi ndi chopopera madzi chooneka ngati jakisoni wamkulu. Mabotolo akadzaza ankawasiya pansi pa tebulo la Venansio podikira galimoto ya ku koleji.

Mwezi wa Okutobala ngalande ija inafiira. Mwezi womwewo mphekesera za anamapopa, anthu amene amati amapopa anzawo magazi, zinachoka ku Mulanje n'kulowa mu Blantyre. Palibe anali ataonapo namapopa ndi maso, koma aliyense anali ndi msuweni amene anapopedwa. Anyamata anayamba kuyenda ndi zikwanje, mlendo aliyense akumufunsa kwawo.

Bernadeta anaona patali.

"Bambo a Ethel, muwuzeni mtsikanayu ayambe wasiya kubwera. Nanga mabotolowa, taonani mmene akuonekera."

"Amake Ethel, pano sandidziwa ine ndani? Makoma onsewa ali ndi dzanja langa."

Apa ndiye analakwitsa, ndipo zimapweteka kunena, chifukwa sanali munthu wopusa. Ankaganiza kuti kudziwika n'chitetezo.

Linali Lachinayi masana, Bernadeta ali kumsika kogulitsa usipa. Mervis anawerama pa ngalande atavala magolovesi, akupopa madzi ofiira kulowetsa m'botolo, Venansio atamugwirira kapaipi. Mayi wina wochokera kotunga madzi anaona, n'kutaya chidebe, n'kukuwa. Malikhweru analira kumtunda, ena kumunsi.

"Lumphani, muthamangire kumsewu, mukwere minibasi iliyonse," anatero Venansio.

"Nanga inu, a Fombe?"

"Ine andimva. Thawani."

Mervis analumpha ngalande n'kuzimirira pakati pa nyumba. Venansio anakwawira kwawo mwamsanga ndithu, koma wa manja sangapose wa miyendo. Anamupeza pakhomo. Mwala woyamba unamung'amba pamwamba pa diso. Ena anathyola chitseko, n'kutulutsa mabotolo aja n'kuwandandalika padzuwa, ali psuu. Gulu lonse linabuula.

Venansio analongosola, magazi akulowa m'kamwa. Anati ndi madzi a m'ngalande, aliyense apite akaone, si patali. Palibe anapita. Atakweza maso anaona Chrispin atanyamulabe sizasi ya ku babashopu.

"A Chrispin, inu mumandiona m'mawa uliwonse ndikuviika nsalu. Auzeni anthuwa."

Mitu yonse inatembenukira kwa Chrispin. Wina anafunsa ngati nayenso ali m'gulu lomwelo. Chrispin anachita thukuta. Anati iye amangometa anthu, za m'nyumba ya wina sazidziwa, ndipo pofuna kuti amukhulupirire anapita patsogolo n'kuponda dzanja la Venansio ndi nsapato, kulikanikizira pa mwala wa pakhomo.

"Manja amenewa ndi amene amapopera," anatero mnyamata wina wa chikwanje, ndipo ananyamula njerwa ya simenti.

Venansio anamva mafupa ake akuphwanyika asanamve kuwawa. Anayesa kubisa dzanja lamanzere kukhwapa, koma analisolola n'kuliyala pamwala pomwepo. Analira ngati mwana, akutchula amayi ake m'Chisena. Wina anali atabwera kale ndi tayala, wina atatumidwa petulo. Zinsalu zake anazithothola pa chingwe n'kuziunjika pa msana pake kuti moto ukayake bwino. Ambiri mwa iwo anali anthu amene ankapemphera naye limodzi Lamulungu.

Bernadeta anafika akuthamanga, chitenje chili m'manja. Sanapemphe aliyense chifundo. Anakankha mnyamata wa njerwa uja, n'kutola botolo limodzi, n'kulitsegula, n'kumwa mpaka theka. Ena anabwerera m'mbuyo akuti taonani akumwa magazi. Koma madziwo sanakhalitse m'mimba. Anagwada n'kusanza thovu, ndipo fungo linakwera, fungo la mankhwala limene aliyense wa pamenepo ankalitsinira mphuno tsiku ndi tsiku. Anawaza otsalawo pa malaya a amene anali pafupi.

"Nunkhizani," anatero ndi mawu osasa. "Magazi a ndani amanunkha chonchi?"

Kenaka anagwa chammbali, akuphiriphitha. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense atakumbukira mwadzidzidzi kuti anasiya ntchito kunyumba. Wa petulo uja atafika anapeza pabwalo pali tayala lokha ndi anthu awiri ali gone.

Kuchipatala anamudula Venansio zala ziwiri za kumanja zimene zinali zitanyenyeka, manja onse n'kuwaika pulasitala mpaka m'zigongono. Mervis anabwera akulira, akuti zonsezi ndi iye. Venansio anamuuza kuti asiye kulira, akatenge mabotolo otsala asanawaswe. Odzamuona ankamutonthoza kuti athokoze Mulungu poti angomuvulaza manja okha.

Venansio anatulutsidwa msanga chifukwa bedi linkafunika. Bernadeta anatsalira kuchipatala komweko, kummero ndi m'mimba zitapsa, akudya phala lamadzimadzi movutika. Mwana wawo Ethel anali ku Nsanje ali ndi pakati potopa. Amuna awiri a ku parishi anamubereka Venansio kuchokera kumsewu, n'kumukhazika pamphasa, n'kulonjeza kuti abweranso madzulo a tsiku lotsatira.

M'mawa kutacha m'mimba munamuvuta. Chimbudzi chinali kuseri kwa nyumba, pamwamba pa kachitunda. Anadzikhwekhwereza ndi matako mpaka pakhomo, n'kuyesa kutsamira pa zigongono, koma ululu unamugwetsa chafufumimba. Anadzuka, n'kudikira. Amayi odutsa ankayang'ana kumbali ngati pakhomopo palibe munthu. Anapirira mpaka thukuta linanyowetsa malaya, ndipo anadziwa kuti akachedwanso pang'ono adziipitsira pakhomo, ana a sukulu akuona.

Munthu yekhayo amene anali pafupi anali Chrispin, akusesa pakhomo pa babashopu, atamufulatira. Malo amodzimodziwo ankawabwereza kusesa.

Venansio anameza manyazi ndi chidani chake.

"A Chrispin," anaitana motsitsa, "tandinyamulani mundiperekeze kuchimbudzi. Mukandimasulenso lamba."