Mizinga ya Zaccheus Marwood

Zaccheus Marwood anabadwira m'tauni ya padoko ya Whitby, mumpingo wa Abwenzi, anthu aja osalumbira, osavulira munthu chipewa, oitana aliyense kuti "iwe", kaya ndi woweruza kaya wosenza malasha. Anayamba ndi kusoka matanga a zombo, koma pomera imvi anali ndi zombo zakezake zokatenga matabwa ndi phula ku Riga. Amalinyero ankamusungitsa malipiro awo, poti a mpingowu sanama, ndipo kachipinda ka kuseri kwa sitolo kanasanduka banki mwiniwake asanazindikire.

Kenako kunabuka nkhondo, achifwamba a panyanja n'kumulanda chombo. Lamulo la mpingo, umene unkakana nkhondo, linali lodziwika: woika zida pachombo achotsedwe mumpingo. Zaccheus ankaopa kuchotsedwa kuposa umphawi, komatu chuma chimawawanso. Anaitana kalipentala kuti aseme zipika, azidetse ndi phula, azisuzumiritse m'mbali mwa zombo. Patali zinkaoneka ngati mizinga, ndipo achifwamba akaziona ankakhota. Mkuluyo anadziyesa katswiri, poti katundu ankafika ndipo lamulo sanaphwanye.

Mphekesera inafika kumpingo kuti Marwood wagula mizinga. Mpingo unatuma Tabitha Linskill, mayi wamkulu wamumpingo, yemwe mano ake sanaonepo dzuwa. Zaccheus anapita naye kudoko akumwetulira, namupatsa mpeni kuti apale yekha mzinga umodzi. Tabitha anapala, naona mtengo woyera.

"Ndiye umafuna achifwambawo aziganiza kuti n'chiyani, Zaccheus?"

"Zoganiza zawo n'zawo, Tabitha. Ine sindinawauze kanthu."

"Eya, iwe sunaname. Unangolemba ganyu chipika kuti chizinama m'malo mwako."

Pamsonkhano wa mwezi umenewo panali milandu iwiri. Mwini zombo wina, amene anaika mizinga yeniyeni yachitsulo, anaimirira, analira, nalonjeza kuigulitsa. Anamukhululukira, poti mantha amagwira aliyense. Zaccheus anakana kulapa. Ankafunsa kuti alape chiyani, chikhalirecho chipika sichinaphe munthu. Anamuchotsa pa mlandu wa bodza.

Banki sinagwe. Amalinyero, amene zipikazo zinawapulumutsa, anachita kukhamukirako, ndipo Zaccheus analemera kuposa kale. Koma zinamupweteka mpaka imfa. Ankabwerabe kumapemphero, chipewa kumutu, n'kukhala pabenchi la kukhomo, la alendo. Mnzake wa mizinga yachitsulo uja akaimirira kulankhula za mtendere, Zaccheus ankangomvera, pakuti wochotsedwa sayankhula mumpingo.