Kalongonda wa mkamwini

Ndinali ndi zaka khumi chaka chimene abambo anga anakana kutentha munda. Tinkakhala ku Dambe, kwawo kwa amayi. Abambo anali mkamwini wochokera ku Phalombe, ndipo ku Mchinji kuno anabwera kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya. Munda umene anapatsidwa unali woguga, wamchenga wotuwa, woti chimanga chinkamasula ngayaye chikadali m'chiuno. Feteleza tinkangomuonera m'minda ya anzathu.

Dzinja lapitalo abambo anali atadzala kalongonda pakati pa chimanga, nyemba yoyanga ija imene imakuta nthaka yonse. Titakolola sanasose. Masamba a kalongonda, mapesi ndi udzu anangozigoneka pansi, munda wonse n'kuoneka ngati waufunditsa bulangete lakutha. Mu Okutobala utsi unkafuka m'minda yonse ya m'mudzi, koma wathu wokha unali zii.

Mwini mbumba anali amalume, achimwene awo a amayi, ndipo minda yonse ya banja inali m'manja mwawo. Anali munthu wosakweza mawu, n'chifukwa chake tinkawaopa kwambiri. Tsiku lina anatipeza kumunda, n'kuyamba kutokosa mapesi ndi phazi.

"Alamu, kuno timasosa. Mukufuna kutiwetera njoka ndi chiswe?"

"Si zinyalala izi alamu," anayankha abambo. "Zikaola nthaka idya, ifenso tidya."

"Mlongo wanga sadya zoola. Chimanga chikakanika, muona msana wa njira."

Atanena izi anakhwatcha machesi kumunsi kwa munda. Abambo sanalimbane nawo. Anangothamanga ndi khasu kukalambula mzere pakati, ndipo moto unathera pamenepo. Theka la munda linasanduka phulusa, theka linatsala lofunda.

Mvula itagwa tinadzala mbali zonse ziwiri. Kotentha kuja chimanga chinamera chobiriwira, chonyada. Kwa abambo chinatuluka chonyozoloka, ndipo posakhalitsa masamba ake anayamba chikasu. Ine mundawo ndinayamba kuuopa. Unkanunkha chuku, ukaponda pankanyefuka, ndipo ukaima chete unkamva chiswe chikuteketa pansi pa mapesi ngati moto wakutali. Kumjigo azimayi akandiona ankaleka nkhani. Mnzanga wina ndiye anandiuza kuti anthu akuti Mlomwe uja wakwirira chizimba m'munda.

Ndinawafunsa abambo za chizimbacho. Iwo anagwada, n'kuvundukula mapesi kuti ndione. Pansi panali ponyowa ndi pofunda, pali nyongolotsi, abongololo ndi timizere toyera tangati ulusi. Masamba a kalongonda anali atada kale n'kufewa, koma mapesi anali akadali olimba.

"Muli tizilombo umu toti sungatione ndi maso," anatero. "Tsamba la nyemba timalimaliza msanga. Phesi ndi louma, ndiye kuti tiligaye timayamba tadya chakudya chomwe chimanga chikufuna. N'chifukwa chake chachita chikasu. Tikamaliza, zonsezi zibwerera m'nthaka, chimanga chidzadya mpaka kukhuta."

"Timaliza liti, ababa?"

Anayang'ana kumwamba, kumene mitambo inali itabalalika kwa masiku angapo. "Zimafuna mvula, mwana wanga. Pouma sipaola kanthu."

Mvula inachedwa kubweranso, koma amalume sanachedwe. Khirisimasi itangodutsa anaitanitsa ankhoswe. Ife ana anatithamangitsira kuseri kwa nyumba, koma ndinamva wina akuti mkamwini waulesi sasungidwa, wina akutchula za chizimba zija. Amayi ankangosisima. M'mawa mwake abambo anamangirira chikwama panjinga, anandigwira paphewa, n'kulowera njira ya ku Zambia, akuti kukafuna ganyu m'mafamu. Ndinalira mpaka mawu anatha, ndipo amalume ndinawada ndi mtima wanga wonse.

Kenaka mvula inabwera, ya mvumbi, yosakata. Mapesi anaphwa, anada, n'kuyamba kusakanikirana ndi dothi. Chimanga cha abambo chinasintha ife tikuona: chikasu chinatha, masamba anabiriwira mpaka kuchita kuda, mapesi ake n'kunenepa ngati mizimbe. Kotentha kuja madzi anakokolola phulusa lonse, chimanga chinaima kukula, ndipo m'mizere munadzaza kaufiti ndi maluwa ake ofiira. Amalume anadutsa pamundapo, anaima nthawi yaitali manja ali kumbuyo, n'kuchoka.

Chaka chimenecho nkhokwe yathu inadzaza koyamba. Amayi anatuma munthu wogulitsa malonda kumalire kuti akawauze abambo abwere. Anabwerako ndi yankho loti anasamukira kufamu ina, ndipo palibe akudziwa kuti ndi kuti. Chimanga chija tinadya tokha.

Lero ndine mayi wa ana anayi, ndipo ndimalima munda womwewo. Sinditentha. Komabe chimanga chikachita chikasu m'masabata oyamba, ndimachita mantha ngati kuti wina achokanso pakhomo, ngakhale ndikudziwa bwino zimene zikuchitika pansipo. Ndazindikira tsopano kuti abambo sanalakwitse chilichonse pa za nthaka. Ankadziwa nthawi imene phesi limatenga kuti liole. Chimene sankadziwa n'chakuti mkamwini sapatsidwa nthawi yaitali chomwecho.