Tsiku lomwe ndinawasinthitsa chipani alimi a ng'ombe

Amene anandipezera ntchito yanga yoyamba ku London anali Amayi Chirwa, omwe tinkapemphera nawo ku Peckham. Mwana wawo ankachoka pakampani ina yofufuza za zisankho, ndiye mapemphero atatha mayiwo anandikokera pambali. "Apulaya lero lomwe, mwanangu. Viza yakoyo siikudikira."

Akampaniwo anandilemba moyesera kaye. Akakhutira nane andisainira mapepala oti ndikhalebe m'dziko muno, apo ayi ndilongedze.

Ntchito yake inali yosakoma komanso yosawawa. Ankandipatsa zithunzi za mabuku akale a zisankho za pulezidenti ku America, ine n'kumalemba mavotiwo m'matebulo a pakompyuta. Mzere uliwonse ndinkauwonkhetsa kuti ufanane ndi chiwerengero cha m'bukumo, kenako n'kupaka mapu utoto wa chipani chomwe chinapambana. Anandigawira boma lina lakumudzi la alimi a ng'ombe, komwe anthu akhala akuvotera chipani chimodzimodzi kuyambira nthawi ya agogo awo. Ankandikumbutsa bambo anga ku Chikwawa, amene ng'ombe zawo ankaziitana mayina, ndipo pa nkhani ya chipani ukanawalankhula mpaka mawu kusasa, osasunthika.

Bambowo anamwalira kutatsala sabata imodzi kuti nthawi yoyeserayo ithe. Sindikanatha kupita. Mwambo wa maliro ndinauonera pafoni Lamlungu masana, nditakhala pabedi ku Lewisham. Achimwene anagwira foniyo mopendeka, moti ndinkangoona miyendo ya anthu ndi fumbi. Sindinalire. Lolemba ndinakwera sitima ngati masiku onse osauza munthu, poopa kuti kuntchito angandione wofooka.

Tsiku limenelo mapu aja ankafunika. Kuno ku Britain utoto wabuluu ndi wa chipani chokakamira zakale, koma ku America chipani chotero n'chofiira, ndipo n'chimene alimi ajawo amavotera. Zimenezi ndinkazidziwa bwino lomwe. Koma dzanja linangotsatira zomwe maso anazolowera kuona pa TV kuno. Boma lonselo ndinalipaka buluu, zisankho zonse, n'kutumiza.

Abwana anga, mayi wa mawu ochepa, anabwera patebulo langa. "Anthu awa sanasinthepo maganizo moyo wanga wonse. Iwe wawasintha m'mawa umodzi. Chachitika n'chiyani?"

Ndinayang'ana mapuwo osamva kanthu, ngakhale mantha omwe. Ndinangoti bambo anga anawaika m'manda dzulo, ngati ndikunena zoti sitima inachedwa.

 Abwanawo anatseka kompyuta yanga ndi dzanja lawo, n'kunena kuti mapuwo akonza okha, ine ndipite kunyumba sabata yonse. Mapepala aja anasaina nditabwerera, koma anandilamula kuti mapu aliwonse aziyamba waona mnzanga ndisanatumize. Lamulo limenelo ndimalitsatira mpaka lero, ndipo ongoyamba kumene ntchito ndimawauza kuti tsiku lomwe mutu suli pamalo, dzanja limalemba zake.

Koma chomwe ndinachisunga kwambiri sichinachokere kuofesi. Lachiwiri lake Amayi Chirwa anamva. Anafika ndi amayi atatu a kutchalitchi, n'kuvula nsapato, n'kukhala pansi m'kachipinda kanga kopanikizikako. Amayi Chirwa ndiwo anayamba kuyankhula.

"Maliro sabisa, mwanangu. Ngakhale kuno."

Mmodzi anayambitsa nyimbo. Apo m'pamene bambo anga anamwalira kwa ine, ndipo ndinalira.