Mimba ziwiri zomwe sizinalipo

Chizindikiro choyamba chinabwera ndili mtsikana. Ndinkatha miyezi itatu osasamba, ndipo ndinkangoti ndapuma. Nditakwatiwa kumudzi kwa Mphamba, msambo unasowanso nyengo yokumba nsawawa. Apongozi anga sanafunse zambiri, anaitana alangizi kuti adzandilange za mimba yoyamba. Anandiletsa kudya mazira ndi kuima pakhomo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anati ndikapimitse.

Mwezi wachinayi magazi anabwera ambiri. Alangizi anati ndapita padera, ndipo mlandu unagwera mwamuna wanga, ati wayenda kunja nkudula mimba. Munthu woti amachoka kudimba molunjika kunyumba! Anakana mpaka misozi. Chaka chotsatira zinachitikanso chimodzimodzi, koma ulendo uno chala chinaloza ine. Kwa apongozi anayamba kunong'onezana zomupezera mkazi wachiwiri. Ndinamwa mizu yowawa mpaka lilime linachita dzanzi, ndipo ndinatopa ndi kulira ana amene sindinawaonepo.

Ndinapita kuchipatala cha paboma ndekha, panjinga, chifukwa cha mkwiyo basi. Ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Nesi anandifunsa masiku a msambo, koma ine sindinkawasunga. Ananditumiza ku Chipata kukaunikidwa pamakina ndi kutengedwa magazi, mwamuna wanga anandiperekeza, nayenso anapimidwa.

Dokotala ataona zotsatira anati, “Amayi, palibe chooneka kuti munakhalapo na mimba. Thupi lanu silitulutsa dzila mwezi na mwezi. Mukanabwela kudala, osachedwa chonchi.”

Ndinapsa mtima kuposa kale. Zaka ziwiri za milandu, pa mimba zomwe sizinalipo!

Anandipatsa mapiritsi omwa masiku asanu msambo ukayamba, nandiuza kuti ndichepetse thupi komanso ndizilemba masiku pakalendala. Miyezi iwiri yoyamba sanagwire ntchito. Mutu unkandipweteka, thupi nkumatentha, ndipo ulendo uliwonse wa minibasi ndinkabwerako ndili kakasi. Mwezi wachitatu anasintha mlingo, magazi anaonetsa kuti dzira latuluka.

Lero ndikusamba mwezi uliwonse. Mwana sanabwere, ndipo dokotala sanandilonjeze kanthu, koma za mkazi wachiwiri mwamuna wanga anazikana pamaso pa abale ake. Amene anamunamizira sanapepese mpaka pano.

Mnzanga, msambo ukamadumpha miyezi, pita kuchipatala msanga, usanauze aliyense kunyumba. Ine ndinachedwa, ndipo pang'ono ukwati wanga uthe chifukwa cha matenda oti ali ndi mankhwala.