Tambala wa mu Msewu wa St. Philip

Nyumba yanga ndi ya a Ovide Lartigue zinkangosiyana ndi khoma la matabwa, moti ndinkamva ngakhale kutsokomola kwawo. Ku Tremé kuno, mu mzinda wa New Orleans, achikulire onse ankawatchula kuti Tambala, ndipo dzinalo sanachite kutola. Ali anyamata ankatsogolera gulu la oimba. Magulu awiri akakumana pamphambano atakwera ngolo, anthu ankamangirira ngolozo pamodzi kuti pasapezeke wothawa mpikisano. A Ovide akaliza lipenga lawo pamenepo, ankadzutsa ndi a kutsidya kwa mtsinje omwe.

Koma mano anadzatha m'kamwa, ndipo lipenga silimvera munthu wa nkhama zokhazokha. Pamene ine ndinkawadziwa anali akusenza mikoko ya nthochi kudoko, madzulo n'kumabwera msana uli wopindika ngati chikwakwa. Chimene anatsala nacho ndi dzina lokhalo.

Kenaka wailesi ina inayamba kutibowa m'mawa uliwonse: "Dzukani, New Orleans! Ndine Tambala!" Tsiku lina m'sitolo mnzawo anawaitana ndi dzinalo, ndiye mtsikana wogulitsa anaseka. "Agogo, mwafika pakuba dzina la pa wailesi?" Ine ndikanamuwomba mbama. Iwo anangotenga fodya wawo n'kutuluka.

"Odile, tandisitira suti ija," anauza akazi awo.

"Kodi mukukakwatira?"

"Ndikukatenga dzina langa. Nanga ndikafa azidzati wafa ndani?"

Zimene zinachitika kunyumba ya wailesiko anatifotokozera madzulo titakhala pamasitepe. Analowera khomo lakumbuyo, monga tinkalowera tonse anthu akuda masiku amenewo, n'kupeza bambo woonda, wa maso ofiira ndi tulo, akudya buledi wouma. Ameneyo ndiye anali Tambala wa pa wailesi, dzina lake lenileni Wendell Guidry.

"Mwana wanga, Tambala ndine."

"Bambo, likanakhala langa ndikanakupatsani pompano. Ndi la eni wailesi. Ine ndine wachitatu kulivala. Tsiku limene adzandichotse ndidzalisiya pamsomali ngati jekete yantchito."

"Ndiye ungonenako kamodzi kuti analipo wina kale."

"Andichotsa lomwelo, bambo. Ndili ndi ana."

Ine ndinayamba kumutukwana munthuyo, koma a Ovide anandiletsa. "Musiyeni, mayi. Nayenso ndi wosenza nthochi basi." Anavula nsapato n'kuyamba kusisita mapazi.

Anamwalira nyengo yozizira itangoyamba. M'mawa wa maliro ndinkasita diresi yanga yakuda, wailesi ili yotsegula. Sipanamveke kukuwa kuja. Mawu otopa anangoti: "Lero tikukaika Tambala weniweni, a Ovide Lartigue a mu msewu wa St. Philip, amene ankaliza lipenga ine ndisanabadwe. Ine ndine Wendell Guidry."

Ndinamenya khoma ndi chikhato. "Odile! Mwamva?"

"Ndamva," anayankha ali tsidya linalo. "Koma mwini wake ndiye sanamve."

Anthu anabwera, msewu kudzaza thothotho. Nkhalamba zina zinafukula malipenga a dzimbiri m'munsi mwa mabedi. Popita kumanda anaimba mwapang'onopang'ono, pobwerera anasangalatsa mpaka maambulera kuvina m'mwamba. Kumbuyo kwenikweni kunkayenda bambo woonda, chipewa chili m'manja. Palibe anamuzindikira, poti mawu alibe nkhope.

Lolemba lotsatira, tsiku lathu lochapa, ndinatereka nyemba monga mwa nthawi zonse. Pa wailesi panamveka mawu atsopano, a munthu wogona tulo tokwanira: "Dzukani, New Orleans! Ndine Tambala!" Kuseri kwa khoma ndinamva Odile akudzuka pampando, mapazi akukwekwereza, mpaka wailesi inati zii.

Wendell ndimamuona masiku ano akuchokera kudoko madzulo, phewa litanyowa ndi utomoni wa nthochi. Akafika pakhomo pa Odile amavula chipewa, ngakhale pakhale palibe munthu.