Mipango Yomwe Inabwerera M'katoni

Amuna anga anamwalira Lachitatu la sabata yachiwiri ya Novembala, nthawi itangokwana 11 koloko m'mawa. Nthawiyo ndimaidziwa chifukwa namwino anayang'ana wotchi yake n'kuitchula mokweza ine ndili pomwepo. Amuna angawo anandisiyira njinga, poloti ya mpunga ku sikimu ya Bwanje, kope lachikuto chabuluu, wezulo, ndi katoni yomwe inali pansi pa bedi. M'katonimo munali mipango ya m'khosi makumi awiri ndi iwiri, yobiriwira, yokhala ndi mzere wachikasu m'mbali.

Malemuwo ankatsogolera gulu la ana a sikauti pasukulu ya kwathu kuno, kufupi ndi Golomoti. Anali ana ang'onoang'ono, a zaka zisanu ndi chimodzi mpaka khumi, ndipo ankakumana Loweruka loyamba la mwezi uliwonse. Mipango ija anasoketsa kwa telala wa pamsika. Lamulo la gululo ndi lakuti mwana savala mpango asananene lonjezo la sikauti pamaso pa mkulu woyang'anira magulu. Anawo anali ataiona kale mipangoyo, ena ataigwirako, ndipo malemu anawauza kuti adzavala chaka chamawa.

Patatha milungu itatu chiikireni maliro, kunabwera a Nachisale, apampando wa komiti ya makolo. Anandipeza ndikupeta mpunga wa mbewu.

"Mayi a Chikondi, ana akufunsa. Akuti tizikumana ndi ndani?"

"Nanga mwabwera kwa ine? Ine sukulu ndinalekeza sitandade 5."

"Zingwe mumadziwa kumanga, ana amakudziwani. Enawa akungoyang'ana pansi tikawafunsa."

Ndinavomera chifukwa cha katoni ija. Sindinkafuna kuti mipangoyo idyedwe ndi mphemvu pansi pa bedi langa.

Ntchito yoyamba ya mtsogoleri ndi kulemba ndondomeko ya chaka chonse. Umatenga rula, n'kujambula mizere khumi ndi iwiri, mzere umodzi mwezi umodzi. Pamzere uliwonse umalemba malo, nthawi, phunziro, zipangizo ndi masewera. Msonkhano weniweniwo sumasintha kachitidwe. Umaliza wezulo katatu, ana amaima mozungulira, umaitana mayina, umayang'ana zikhadabo ndi m'makutu. Kenako aliyense amapemphera chamumtima, poti gulu lathu linali ndi ana Achikhristu ndi Achisilamu omwe. Phunziro limatenga theka la ola basi, chifukwa mwana wamng'ono akakhala pansi nthawi yaitali amayamba kutsina mnzake. Zikatha amasewera, amaimba, n'kubalalika.

Ndinalemba ndi pensulo masiku anayi, ndikufufuta kambiri. Januwale ndinaika m'kalasi chifukwa cha mvula, phunziro kumanga zingwe: mfundo yolumikizira zingwe ziwiri, yomangira mbuzi yosaipotokola khosi, ndi yomangira katundu panjinga. Febuluwale ndinaika za madzi osefukira, kuti mwana adziwe mtsinje woti asawoloke ngakhale anzake akumuseka. Malichi za malungo, kusoka neti yong'ambika ndi singano. Epulo ndi Meyi ndinalemba kuti tidzakumana kumunda, pamigula ya mpunga. Juni kukolola kukatha tidzakonzekera lonjezo, ndipo tsiku la mipango ndinaliika Julayi. Ogasiti kuthira dothi m'machubu a mbande za mitengo. Okutobala ndi Novembala ndinalemba 6 koloko m'mawa, chifukwa kuno dzuwa la miyezi imeneyo limaotcha mapazi ngakhale wavala nsapato. Disembala kudzala mitengo ija.

Polemba ndinkasuzumira m'kope la malemu. Kumapeto kwake ndinapezako mapepala otayipa asanu ndi limodzi, opindidwa bwino, oyera ngati sanagwiridwepo. Ndinawabwezera momwemo osaganiza kanthu.

Mu Januwale atsogoleri tonse a kunsi kuno tinaitanidwa ku Mtakataka kukaonetsa ndondomeko zathu. Mkulu wathu anali a Mbewe, bambo wa magalasi wochokera kumtunda, kumapiri, kumene amavala majuzi mpaka masana. Anatenga kope langa, anawerenga, n'kutulutsa bolopeni yofiira.

"Mayi, izi ndi za sikauti kapena za alangizi a zaulimi?"

Anzanga anaseka. A Mbewe anadula mzere wa Epulo, wa Meyi, wa Julayi, wa Okutobala. Kenako anandipatsa pepala lotayipa, lofanana ndendende ndi aja a m'kope. Pa Okutobala panalembedwa ulendo wa pansi 1 koloko masana. Tsiku la lonjezo linali Loweruka loyamba la Meyi, 8 koloko, pabwalo la sukulu.

Ndinalimba mtima. "Bwana, Meyi kuno ndi mbalame."

"Mbalame zili paliponse, mayi. Ngakhale kwathu ziliko. Paja sukulu munafika nayo pati?"

Ndinawauza. Anagwedeza mutu ngati dokotala amene wapeza matenda.

"Ndiye tsatirani pepalali. Linalembedwa ndi anthu odziwa. Ndipo ine kutsika kwanuko ndimatsika kamodzi pachaka. Mwana amene sadzapezeka tsiku limenelo adzadikira chaka china."

Ndinakwera minibasi kubwerera ndili ndi manyazi, kope ndalibisa m'chitenje.

Kwa amene sanalimepo mpunga ndifotokoze. Mpunga ukatulutsa ngala, njere zake zikadali zamkaka, mpheta zimabwera ngati utsi. Zimatera limodzi, zimatsopa, zimanyamuka, ndipo ngala imene zatsopa imayera n'kuima chilili, yopanda kanthu. Kuyambira kum'bandakucha mpaka dzuwa kulowa pamafunika munthu papoloti. Timazika mitengo kuzungulira, timakoka zingwe, timamangirira zitini zoikamo timiyala ndi majumbo ong'ambika. Pakona timamanga kansanja. Woingitsa mbalame amakhala pamenepo, kukoka chingwe, kukuwa, kugenda ndi zibuma za dothi. Masiku a sukulu amachita akuluakulu, kusiya ntchito zina zonse. Loweruka ndi tsiku lokhalo limene mayi amasiya mwana pansanja kuti iye apite kuchigayo, kumsika, kapena kuchipatala. Izi amadziwa aliyense kuno, ngakhale mwana wa zaka zinayi. Inenso ndinkadziwa.

Januwale, Febuluwale ndi Malichi zinayenda. Ana ankabwera khumi ndi asanu ndi atatu, nthawi zina onse. Epulo ndinaliza wezulo pabwalo la sukulu monga linanenera pepala, kunabwera asanu ndi anayi. Ndinaona kuti Meyi zidzavuta, ndiye ndinayamba kuyenda khomo ndi khomo.

Pakhomo limodzi panali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, dzina lake Tadala. Iyeyu ndi amene ankamanga zingwe msanga kuposa onse, ndipo tsiku lililonse tikakumana pamjigo ankandifunsa kuti mpango wake ulipobe. Amake anali okha ngati ine, bambo anapita ku Joni osabweranso, ndipo anali ndi khanda lodwaladwala.

"Amake Tadala, maola awiri okha. Adzalandire mpango abwerere."

"Mayi a Chikondi, inu simulima mpunga? Maola awiri mumawadziwa?"

"Ndikuwadziwa, koma akuluakulu akubwera kamodzi."

"Ndiye mpangowo tidzaphika? Muwauze akuluakuluwo abwere adzakhale pansanja."

Makolo ambiri anayankha chimodzimodzi, ena mwaulemu, ena ayi. Pamenepo ndi pamene ndinalakwa. Makolo atakana ndinapita kwa ana. Ndinawadikira potuluka kusukulu n'kuwauza mawu a a Mbewe ngati anga: amene sabwera Loweruka, mpango sadzauona chaka chino. Ndinaona maso a Tadala pamene ndinkanena, ndipo sindinasiye kunena.

Lachisanu ndinasita mipango yonse ndi nsimbi ya makala, n'kuipinda katatu monga ankachitira malemu. Poloti yanga ndinasiyira mng'ono wanga. Loweruka ndinasesa bwalo, ndinaika tebulo ndi mipando inayi ya aphunzitsi pansi pa mtengo wa mango, katoni pamwamba. Galimoto inafika cha m'ma hafu pasiti 8. Munatsika a Mbewe ndi alendo awiri, mayi wina ndi bambo wina wonyamula kamera.

Ndinaliza wezulo katatu. Anaima ana asanu, onse a m'mabanja a pamsika amene salima mpunga.

"Ena ali kuti?"

"Ali ku mbalame, bwana."

Tinadikira. Bambo wa kamera anayamba kusewera ndi foni. A Nachisale ankangokonza chitenje chawo. Itakwana 9 koloko tinaona mwana akuthamanga kuchokera njira ya kusikimu, matope mpaka m'mawondo. Anali Tadala. Analowa pamzere akupuma movutikira, n'kuima njo. Mtima wanga unakondwa. Ndikunena zoona, unakondwa. Sindinamufunse kuti pansanja wasiya ndani.

Ana asanu ndi mmodziwo ananena lonjezo. Tadala sanaphonye liwu ngakhale limodzi. A Mbewe anawamanga mipango, wa kamera anajambula moyandikira kuti bwalo lopanda anthu lisaoneke. Kenako panali zolankhula, ndipo a Mbewe analankhula nthawi yaitali za kusunga nthawi.

Akulankhula choncho anatulukira amake Tadala, khanda kumbuyo, m'manja muli ngala za mpunga. Anali atapita kuchipatala ndi khandalo m'mawa, n'kudzera kumunda pobwerera. Sanapereke moni kwa aliyense. Anabwera molunjika kwa ine n'kuponya ngalazo pamapazi anga. Zinali zoyera, zopepuka, zinagwa ngati udzu.

"Idyani, mayi a Chikondi. Theka la poloti. Idyani ndi alendo anuwa."

Anagwira Tadala pamkono, anamuvula mpango uja mokoka mpaka mwanayo anadzandira, n'kuutaya pafumbi. Tadala sanalire. Anandiyang'ana ine, osati amake. Amakewo anapita naye akumukankha, ndipo tinamva mbama ziwiri asanakhote kuseri kwa kalasi.

Kenako a Mbewe anavula magalasi.

"Mwaona, mayi? Makolo simunawaphunzitse kufunika kwa gulu. Malemu amuna anu sanatichititsepo manyazi otere."

Apo m'pamene ndinakumbukira mapepala oyera aja a m'kope. Chaka chilichonse malemu ankalandira pepala la a Mbewe, ankati zikomo bwana, n'kulipinda. Meyi akayandikira ankaimba foni kuti kuli maliro, kapena msewu waonongeka, mpaka tsiku la lonjezo linkasunthira Julayi. Epulo ndi Meyi ankanyamula wezulo kupita kumunda, ine n'kumaganiza kuti ndi mmene zimayenera kukhalira. Iwo ankadziwa kuvomera pakamwa pokha. Ine ndinavomera zenizeni, chifukwa munthu wa bolopeni yofiira anandifunsa za sitandade.

A Mbewe anatseka katoni, munali mipango khumi ndi isanu ndi umodzi, n'kunena kuti akaisunga mpaka gulu litalongosoka. Mipangoyo anasoketsa ndi amuna anga, koma ndinangoyang'ana akuinyamula. Katoni inalowa m'buti. Galimoto itapita ndinatola mpango wa Tadala, ndinaukuntha fumbi, n'kuuika m'thumba.

Patatha milungu iwiri a Nachisale anabwera ndi uthenga woti gulu lapatsidwa kwa mphunzitsi wina wa satifiketi. Anandipempha wezulo. Ndinakana, ndinati wezuloyo ndi wa m'nyumba muno. Mphunzitsiyo anali munthu wabwino ndipo anatsatira pepala mwezi ndi mwezi. Pofika Okutobala, pa ulendo wa 1 koloko uja, kunabwera ana atatu. Chaka chisanathe gulu linafa. Mipango sinabwerenso.

Nditakolola mu Juni ndinasenza thumba la mpunga kupita nalo kwa amake Tadala. Analandira osanena zikomo, ndipo sindinayembekezere kuti anene. Mpaka lero timangopatsana moni wa panjira. Ndinayesa kupereka mpango uja kwa Tadala, iye anabisa manja kumbuyo n'kuti, "Amayi anakana." Pano ali sitandade 8, wamtali kuposa ine. Tikakumana pamjigo amandipatsa moni mwaulemu, koma za zingwe sitinakambepo.

A Mbewe ndimawakwiyirabe, sindibisa. Koma iwo mpunga sanalimepo. Amene ankadziwa kuti maola awiri ndi chiyani ndinali ine, ndipo ndine amene ndinaima pachipata cha sukulu kuopseza ana ndi kansalu. Chimene ndinatolapo ndi ichi: usanalembe kanthu pamzere wa mwezi, yamba wafunsa kuti tsiku limenelo, ola limenelo, mwanayo amakhala ali kuti, ndipo akachokapo chimaonongeka n'chiyani. Ukadziwa yankho, usalole munthu alidule ndi bolopeni.

Chaka chotsatira ana ena anayamba kubwera okha pakhomo panga Loweruka, ndiye ndinatenganso rula. Udindo ndilibe, dzina la gulu tilibe, ndipo palibe amene amatsika kudzationa. Disembala aliyense ndimajambula mizere khumi ndi iwiri m'kope la malemu, ndi pensulo, kenako ndimakaiwerengera makolo ndisanauze ana. Loweruka loyamba la mwezi ndimaliza wezulo katatu. Epulo ndi Meyi sindiitana mwana aliyense. Ndimavala nsapato zamphira, ndimayenda pamigula kuchoka pansanja ina kupita pa ina, ndipo mwana aliyense ndimamuphunzitsa mfundo pachingwe chake cha zitini, maso athu ali pa mpunga.